SIKELO YA MALONDA A DZIKO NDI KATUNDU WOPANGIDWA M'MAIKO AMBIRI



Nkhani imene ndapemphedwa kuti ndikambe lero ndi ya malonda a pakati pa dziko lino ndi maiko akunja. Aliyense amene anaimapo pa mzere wa mafuta a galimoto, kapena amene anapitapo ku banki kukapempha ndalama zakunja nabwerako chimanjamanja, nkhani imeneyi akuidziwa kale ngakhale sanaiwerenge m'buku. Yankho limene timamva kawirikawiri ndi lakuti tikugula zambiri kunja koposa zimene tikugulitsa. Zimenezo nzoona ndithu. M'zaka za 2022 ndi 2023 katundu amene Malawi anagulitsa kunja anali wa ndalama pafupifupi madola 1 biliyoni pa chaka, pamene katundu amene anaitanitsa anali wa pafupifupi madola 3 biliyoni. Koma kunena zimenezi nkungotchula dzina la matenda. Ine ndifuna tifunse chimene chimapendeketsa sikelo imeneyi, makamaka masiku ano pamene chinthu chimodzi chimapangidwa ndi maiko asanu kapena khumi.

Poyamba timvane za sikeloyo. Pa chipata cha dziko, monga pa Mwanza, pa Dedza, pa Mchinji kapena pa Songwe, akuluakulu a msonkho amalemba mtengo wa katundu yense wotuluka ndi wolowa. Pakutha pa chaka mitengoyi amaiwonkhetsa: zotuluka mbale imodzi, zolowa mbale inayo. Kawerengedwe kameneka kanayamba kale, pa nthawi imene nsalu yochokera ku Manchester inali yoombedwa ku Manchester konko, ndipo njinga yochokera ku Nottingham inali yosulidwa komweko. Munthu akati katundu uyu ngwa dziko lakuti, sanali kunama kwenikweni. Lero zinthu zinasintha, koma cholembera cha pa chipata chikulembabe monga kale: mtengo wonse wa katundu chimaupereka kwa dziko limene katunduyo watulukira komaliza.

Chitsanzo chimene chinatsegula maso a anthu ambiri ndi cha lamya ya m'manja yotchedwa iPhone. M'chaka cha 2010 akatswiri awiri a za chuma, a Yuqing Xing ndi a Neal Detert, analondola mtengo wa lamya imeneyi chiwalo ndi chiwalo. Anapeza kuti lamya imodzi pochoka ku fakitale ku China inali kulembedwa mtengo wa madola pafupifupi 179. Pa ndalama zimenezi, gawo lalikulu linali la zipangizo zochokera ku Japan, lina ku Germany, lina ku South Korea, ndipo lina lochepa ku America komwe. Ntchito imene inachitikira ku China, yolumikiza zipangizozo mu fakitale ya kampani ya Foxconn mu mzinda wa Shenzhen, inali ya madola 6.50 okha. Komabe lamyayo ikafika pa doko la ku America inali kulembedwa kuti ndi katundu wa madola 179 wochokera ku China. Motero m'chaka cha 2009 lamya imeneyi yokha inaoneka ngati yapendeketsa sikelo ya America ndi China ndi madola 1.9 biliyoni, pamene ntchito yeniyeni ya anthu a ku China pa malamya onsewo inali ya madola pafupifupi 73 miliyoni. Ndipo musaiwale kuti lamya yomweyo m'sitolo inali kugulidwa pa madola pafupifupi 500. Kusiyana kwa 179 ndi 500 kunapita kwa ogulitsa ndi kwa eni dzina, kampani ya Apple, amene anajambula kapangidwe kake koma sanamange nkomwe kansomali kamodzi.

Makolo athu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama za katundu wotuluka pa chipata zili ngati fodya wa pachala. Zimaoneka zambiri, koma gawo lina ndi la amene anatigulitsa zipangizo, lina la mwini sitima, lina la mwini dzina. Zotsala m'dziko, zolipira antchito, alimi ndi msonkho wa Boma, ndizo fodya wa pamphuno. Pozindikira zimenezi, mabungwe a OECD ndi WTO anayamba m'chaka cha 2013 kusindikiza kawerengedwe kena, kofunsa kuti pa katundu aliyense, dziko lililonse laonjezerapo mtengo wotani ndi manja ake. Powerenga motero, ngongole ya malonda ya dziko lina kwa linzake imasintha, nthawi zina kwambiri. Koma pali chinthu chimodzi chimene sichisintha, ndipo ndikupemphani muchigwire: mukawonkhetsa malonda a dziko ndi maiko onse pamodzi, kupendekeka kwa sikelo kumakhala komweko. Kawerengedwe katsopanoka kamangoonetsa bwino amene wadya ndalamazo.

Atsogoleri ena a maiko akuluakulu sanafune kumva phunziro limeneli. M'chaka cha 2018 boma la America linaika misonkho yokwera pa katundu wochokera ku China pofuna kuongola sikelo. Pa mabuku zinaoneka ngati zatheka: kupendekeka kwa malonda a katundu pakati pa maiko awiriwa kunatsika kuchoka pa madola pafupifupi 420 biliyoni mu 2018 kufika pafupifupi 280 biliyoni mu 2023. Nanga sikelo ya America ndi dziko lonse lapansi? Inapendekeka koposa kale, mpaka kupitirira madola 1,000 biliyoni pa chaka. Chimene chinachitika nchakuti makampani anasamutsira ntchito yomaliza, yolumikiza ndi kupakira ija, ku Vietnam, ku Mexico ndi kwina, zipangizo zambiri zikuchokerabe ku China. Kupendekeka kwa malonda a America ndi Vietnam, kumene kunali pafupifupi madola 40 biliyoni mu 2018, kunadutsa 100 biliyoni pofika 2022. Madzi anangopatuka khwawa, koma mtsinje sunaphwe.

Chifukwa chake nchapafupi. Dziko lili ngati banja pa chinthu chimodzi ichi: likamadya ndi kumanga zoposa zimene likupanga, zotsalazo ziyenera kuchokera kwa anansi. Msonkho ungasinthe mnansi amene mukugulako, koma sungasinthe masamu amenewa. America amatha kukhala motero zaka zambiri popeza maiko ena amafuna kusunga chuma chao m'madola, ndipo pakutero amamkongoza mosanyinyirika. Ife mwai umenewo tilibe. Palibe banki ya ku Dubai kapena ya ku Mumbai imene imasunga chuma chake m'makwacha. Mpata wa pakati pa zimene tagula ndi zimene tagulitsa timautseka ndi thandizo la maiko ena, ngongole, ndi ndalama zimene abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Britain amatumiza kumudzi. Zitatu zimenezi zikachepa, mizere ya mafuta imayamba.

Kusamvetsa manambala a pa chipata kumapweteka ofooka koposa amphamvu. Taonani zimene zinagwera dziko la Lesotho. Dzikoli linachulukitsa mafakitale osoka zovala, makamaka mathalauza a jinzi, litapeza mwai wogulitsa ku America popanda msonkho pansi pa lamulo la AGOA la chaka cha 2000. Eni mafakitale ambiri ndi ochokera ku Taiwan, ndipo nsalu yambiri imachokera ku Asia. A Lesotho amaikapo manja osoka. Mu April 2025 boma la America linalengeza misonkho yatsopano imene linaiwerengera potengera kupendekeka kwa sikelo ndi dziko lililonse palokha. Popeza Lesotho amagulitsa ku America katundu woposa madola 200 miliyoni pa chaka, koma amagulako wosafika ngakhale 10 miliyoni, anapatsidwa msonkho wa 50 pa 100 aliwonse, umodzi mwa yokwera koposa pa mndandanda wonsewo. Palibe amene anafunsa kuti pa thalauza lililonse ndalama zingati zimatsala ku Maseru, ndi zingati zimabwerera kwa mwini nsalu. Palibenso amene anaganiza kuti dziko losauka lozingidwa ndi South Africa limagula pafupifupi zonse kwa mnansi wakeyo, osati kutsidya kwa nyanja. Msonkhowo anautsitsa pambuyo pake kufika pa 15, koma pa miyezi yodikira ija ogula ambiri anaimitsa maoda, ndipo amayi osoka ambiri anakhala pakhomo.

Tsono tibwere kwathu kuno. Pa unyolo umenewu wa maiko opanga katundu pamodzi, ife tili pa mphete iti? Tili pa mphete yoyamba, ya m'munda. Fodya wa bale wolimidwa ku Kasungu, ku Dowa, ku Mchinji ndi ku Rumphi amagulitsidwa ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu. Makampani ogula amamchotsa mitsitsi, kumuumitsa bwino ndi kumpakira, kenaka amapita ku madoko. Wambiri amakatsikira ku Belgium, kumene amasungidwa asanagawidwe ku mafakitale a ndudu. Kusakaniza, kupichira, kuika m'mapaketi ndi dzina la pa paketi, kumene kuli ndalama zenizeni, zonsezo zimachitikira kwina. Kwa zaka zambiri fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama za katundu amene timagulitsa kunja, ndipo sindikumnyoza ai. Ana ambiri aphunzira sukulu ndi ndalama za fodya. Koma tiyeni tichite naye monga anachitira akatswiri aja ndi lamya. Feteleza amene anathiridwa m'mundamo anachokera kunja. Mankhwala a pa nazale anachokera kunja. Lole imene inanyamula mabelo njochokera kunja, matayala ake ngochokera kunja, dizilo wake ngochokera kunja. Makina a ku Kanengo ndi zitsulo zake zosinthira nzochokera kunja. Sitima ya pa nyanja ndi inshuwalansi yake si zathu. Mukachotsa zonsezi, fodya wa pamphuno ngochepa koposa amene timalengeza pakutseka msika.

Nkhani ya tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ili chimodzimodzi, ndipo sindichedwapo: amachoka kuno m'matumba akuluakulu, nakasakanizidwa ndi tiyi wa maiko ena pansi pa dzina la eni ake.

Pa thonje mpamene ndifuna kuima pang'ono, chifukwa apa mpamene unyolo unali m'manja mwathu. Mlimi wa ku Chikwawa, ku Balaka kapena ku Salima anali kulima thonje. Thonjelo linali kuchotsedwa njere m'dziko mommuno. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inali kupota ulusi, kuomba nsalu ndi kudinda maluwa a chitenje. Telala wa pa khonde la sitolo anali kusoka. Mphete zinai kapena zisanu, zonse m'dziko limodzi, ndipo pa mphete iliyonse panali malipiro a munthu. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, nsalu zotsika mtengo za ku Asia ndi kaunjika zinasefukira m'misika, ndipo fakitale ija inafooka mpaka inagulitsidwa mu 2003. Lero gawo lalikulu la thonje lathu limatuluka litangochotsedwa njere. Likhoza kupotedwa ku Asia, kusokedwa malaya, kuvalidwa ku Europe zaka ziwiri, kenaka nkubwerera kuno m'belo la kaunjika, ife nkuligulanso ndi madola. Sindikudzudzula mai wogula kaunjika. Iye akuyesa thumba lake, ndipo ana ayenera kuvala. Ndiponso kutseka chipata si chinthu chapafupi monga ena amaganizira. Dziko la Rwanda litakweza msonkho wa kaunjika pofuna kuteteza osoka ake, boma la America linalichotsera mwai wogulitsa zovala popanda msonkho mu 2018. Amene ali kumapeto kwa unyolo, kumene kuli ogula, ndiye amagwira chikwapu.

Apa mpamene tingamvetse chifukwa chake kutsitsa mphamvu ya kwacha sikunaongole sikelo yathu monga amanenera mabuku. Mabuku amati ndalama ya dziko ikatsika, katundu wake amatchipa kwa akunja ndipo amagulidwa wambiri, pamene katundu wakunja amakwera mtengo ndipo anthu amamsiya. Kwacha inatsitsidwa mu May 2012, inatsitsidwanso ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Koma fodya amagulitsidwa kale m'madola, ndipo kuchuluka kwake kumadalira mvula ndi zofuna za makampani ogula, osati mtengo wa kwacha. Ndipo zimene timaitanitsa kwambiri, mafuta, feteleza, mankhwala a m'chipatala ndi makina, si zinthu zoti munthu nkusiya chifukwa zakwera. Choipa koposa nchakuti feteleza ndi dizilo yemweyo ndiye amalowa m'katundu amene tikufuna kugulitsa. Kwacha ikatsika, mtengo wolimira umakwera tsiku lomwelo. Sindikunena kuti kusunga kwacha pa mtengo wabodza nkwabwino. Pamenepo madola amathawira ku msika wa mseri, ndipo wogulitsa kunja moona mtima ndiye amalangidwa. Ndikungonena kuti mankhwala amenewa paokha sachiza dziko limene katundu wake wotuluka ali ndi zakunja zambiri m'kati mwake.

Chinthu china chopendeketsa sikelo ndi mtunda. Akuluakulu muli pano mukukumbukira zaka za m'ma 1980. Nkhondo ya ku Mozambique isanakule, pafupifupi katundu wathu yense anali kuyenda pa njanji kupita ku Beira ndi ku Nacala. Pofika 1984 njira zonse ziwirizi zinali zitatsekeka, ndipo katundu anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban, ulendo woposa makilomita 3,000. Ndalama zonyamulira ndi za inshuwalansi zinakwera mpaka kufika pafupifupi magawo 40 pa 100 a mtengo wa katundu wolowa. Alimi sanachite ulesi, fodya sanachepe, koma sikelo inapendekeka chifukwa cha njira yokha. Mtendere unabwera mu 1992, koma phunziro lake likadalipo, ndipo lakula mphamvu. Kale katundu anali kuoloka malire kamodzi. Lero, pamene chinthu chimodzi chimapangidwa m'maiko angapo, zipangizo zimalowa, katundu amatuluka, ndipo mtengo wa njira umalipidwa kawiri. Mwini fakitale ya zovala amene nsalu yake yagona milungu itatu pa doko la Beira, nigonanso masiku pa chipata, sangapikisane ndi mnzake wa ku Vietnam amene doko lili pakhomo pake. Chimodzimodzi magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mafakitale anayamba kuyendera majenereta a dizilo wogula ndi madola. Katundu wopangidwa motero amakhala ndi dzina la Malawi pa chikuto, koma m'kati mwake muli ndalama za mwini chitsime cha mafuta.

Ena mwa inu mufunsa kuti, nanga tikane mafakitale amene amaitanitsa zipangizo kunja? Iai. Walira mvula walira matope. Dziko lililonse limene linalowa pa unyolo umenewu linayamba ndi kuitanitsa zambiri: makina, nsalu, zitsulo. Pa zaka zoyamba sikelo imapendekeka koposa, ndipo pamenepo palibe choopsa ngati zolowazo ndi zobala. Pali kusiyana pakati pa ngongole yogulira khasu ndi ngongole yogulira mowa, ngakhale pa chipata zonse zimalembedwa mbale imodzi. Chofunika ndi chimene chimatsatira. Chilumba cha Mauritius, chimene chinali kudalira shuga monga ife tidalira fodya, chinatsegula dera la mafakitale ogulitsa kunja mu 1970. Poyamba anali kungosoka, eni ndalama ambiri ali ochokera ku Hong Kong. Koma eni minda ya nzimbe a komweko anaika phindu lao m'mafakitalewo, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kuluka nsalu, kuinyika mu utoto ndi kupota ulusi okha. China nayenso sanakhale pa madola 6.50 aja: lero makampani ake amapanga mabatire, magalasi ndi ziwalo zina zambiri za lamya, ndiponso ali ndi malamya a maina aoao. Lesotho anatsalira kwambiri pa kusoka, ndipo nchifukwa chake mphepo iliyonse yochokera ku Washington imamgwedeza.

Nafenso tili nazo zitsanzo, ngakhale nzochepa. Kuyambira 1982 ku Dwangwa akhala akutcheza mafuta a ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo pambuyo pake fakitale ina inatsegulidwa ku Chikwawa. Mafuta amenewa amasakanizidwa ndi petulo. Lita iliyonse yotero ndi lita imene sitinaigule ndi madola, ndipo inachokera ku chinthu chimene kale chinali kutayidwa. Soya ndi mpendadzuwa zikayengedwa konkuno, timapeza mafuta ophikira amene tikanaitanitsa, ndi chakudya cha nkhuku pamwamba pake. Koma apanso tisamale ndi maina. Fakitale imene imaitanitsa mafuta osayenga m'matanki nkumangowatsanulira m'mabotolo, kapena yoitanitsa feteleza nkumangomsakaniza ndi kumuika m'matumba, ili ndi ntchito yake ndipo imalemba anthu, koma pa sikelo imasintha zochepa. Ikupanga ntchito ya madola 6.50 ija.

Choncho pamene mlendo kapena mwana wa dziko lino abwera ndi mapulani a fakitale napempha malo, magetsi ndi kukhululukidwa msonkho, inu a m'makomiti a chitukuko ndi mafumu amene mumapereka malo muli ndi ufulu wofunsa mafunso. Pa kwacha iliyonse ya katundu wanu, ndi tambala zingati zidzagulidwa kwa alimi ndi amisiri a kuno? Kodi zaka zisanu zikadzatha mudzakhala mukuitanitsabe zonse? Phindu lidzatsala kuno lingati, popeza nalonso likamatuluka limatuluka m'madola? Mafunso amenewa si amwano. Ngakhale mapangano a malonda amafunsa zomwezo. Mu bungwe la COMESA, limene Malawi ndi membala wake, njira imodzi yoti katundu alowe kwa anansi popanda msonkho njakuti magawo osachepera 35 pa 100 a mtengo wake wa pa fakitale akhale oonjezeredwa m'dziko lomwe akuchokeralo. Pangano la msika wa Africa yonse, limene malonda ake anatsegulidwa pa 1 January 2021, nalonso lili ndi malamulo otere a kumene katundu wachokera, ndipo pa zovala ndi pa magalimoto maiko anakangana zaka zingapo osamvana. Anakangana chifukwa aliyense akudziwa kuti mzere umenewo ndiwo udzanena ngati malaya osokedwa ku Blantyre ndi nsalu ya ku Asia adzalowe m'maiko ena a mu Africa ngati katundu wa Malawi, kapena adzalipitsidwe msonkho pa chipata ngati wa mlendo.